Mwana Wamkazi Akafuna Maseŵera Ogwetsana

Mwezi watha, tsiku lina Loŵeruka, kukuwaza kamvula kaja ka ku Mzuzu kamene sikadziŵa kuleka, tinalandira alendo kunyumba kwathu ku Katoto. Anali amayi ena amene tadziŵana nawo zaka zambiri, ndipo nkhope yawo inatiuziratu kuti sanabwerere macheza. Titalonjerana ndi kumwa tiyi, iwo anamasula mtolo wawo. Mwana wawo wamkazi wa zaka 13, amene ali mu Sitandade 8, anali atavulaza mwana wa anansi awo. Makolo atapita kumaliro, atsikana anayi anayala matiresi pabalaza, nayamba kutsanzira akazi ogwetsana aja amene amawaona pa wailesi yakanema. Mwana wa amayiŵa anakwera patebulo, nadumphira mnzake monga momwe anaonera, ndipo fupa lija lolumikiza khosi ndi pheŵa linathyoka ngati kamtengo kouma.

Za kuchipatala zinali zitatha, ndipo kwa anansi anali atapitako kale kukapepesa atanyamula nkhuku. Chimene chinali kuwasoŵetsa tulo chinali china. Atamdzudzula mwanayo, iye anagwada nati: "Amayi, ndalakwa, ndipo m'nyumba muno sindidzachitanso. Koma maseŵera ameneŵa ndimawakonda, ndipo ndikufuna kuwaphunzira bwinobwino." Bambo ake atamva zimenezi anadula nkhani ndi mawu amodzi, kuti mwana wamkazi sagwetsana ndi munthu, ndipo chiyambire tsikulo bambo ndi mwana akhala akungopenyana. Tsono amayiwo anatifunsa kuti, "Kodi mwanayu wayamba kuloŵerera, kapena ndife makolo amene tatsalira?"

Sitinayankhe pomwepo, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Tinapempha masiku angapo. Zimene tinawayankha pambuyo pake ndizo tikulemba pano, podziŵa kuti funso lomweli lingathe kubuka m'nyumba ina iliyonse, kaya ku Chibavi, ku Mchengautuŵa kapena ku Luwinga, kulikonse kumene ana amaunjikana pa foni imodzi kapena kuloŵa m'tinyumba ta kanema ta m'misika.

Choyamba chimene makolo ndi ana omwe ayenera kudziŵa n'chakuti pali zinthu ziŵiri zosiyana kotheratu zimene zimatchedwa ndi dzina limodzi. Bambo aja pokaniza, anali kukana chimene anachiona pa kanema. Mwana uja popempha, anali kupempha chinthu chimene sanachionepo n'komwe. Onse aŵiri sanadziŵe kuti chilipo chinanso.

Tiyambe ndi cha pa kanema, chimene ana athu amachidziŵa ndi zilembo zitatu za WWE, kampani ya ku America imene ziwonetsero zake zinayamba kuulutsidwa pa SuperSport mu 2017, ngakhale kuti ambiri anali kuziona kale mwa njira zina. Chimenechi ndi seŵero, monga momwe ana athu amachitira seŵero pasukulu tsiku lotsekera. Alipo anthu olembedwa ntchito yolemba nkhani yake, amene amakonzeratu kuti uyu akhale wabwino, uyu akhale woipa, ndi kuti lero apambane ndani. Sitikunena zimenezi mongoganizira ai. Mu 1989 eni ake a kampaniyi, imene panthaŵiyo inkatchedwa WWF, anavomereza okha pamaso pa aphungu a chigawo cha New Jersey kuti ntchito yawo ndi yosangalatsa anthu, si mpikisano weniweni. Anatero pofuna kumasuka ku malamulo ndi misonkho imene boma limaika pa mipikisano yeniyeni. Chinsinsi chimene anachibisa zaka zambiri anachiulula okha itafika nkhani ya ndalama.

Koma tisafulumire kunena kuti popeza ndi seŵero, ndiye kuti n'chinthu chopepuka. Apa ndi pamene pagona ngozi imene inagwera mwana wa anansi uja. Akazi amene amadumpha kuchokera pamwamba pa zingwe aphunzira ntchitoyo zaka zambiri, ndipo chachikulu chimene aphunzira si kumenya, koma kugwa. Amadziŵa kugwera pamsana ponse nthaŵi imodzi, chibwano chitapindikira pachifuŵa kuti mutu usamenye pansi. Amene akuoneka ngati akuponyedwa amakhala akuthandiza womponyayo, ndipo amene akudumphiridwa amakhala akumuŵakha mnzakeyo. Aŵiriwo si adani, ndi anthu amene aikizana miyoyo m'manja. Bwalo lawo lenilenilo ndi lamatabwa oyalidwa zofeŵa, ndipo limanyutuka munthu akagwerapo, pamene pabalaza pathu pali simenti ndi ngodya ya tebulo. Ngakhale zili choncho, akatswiriwo amavulala koopsa. Mmodzi wa iwo, wa ku England, wodziŵika ndi dzina lakuti Paige, analengeza mu 2018 kuti waleka ntchitoyi chifukwa cha kuvulala khosi, ali ndi zaka 25 zokha, ndipo panapita zaka zinayi asanabwererenso m'bwalo. Ku Florida mu 1999 mnyamata wa zaka 12 anapha kamtsikana ka zaka 6, ndipo omuimira pamlandu anati iye anali kutsanzira zimene ankaona pa kanema. Kampaniyo imachenjeza owonera kuti asayese zimenezi kunyumba, koma kodi ndi mwana uti amene amamvera chenjezo la masekondi ochepa ataona zodabwitsa za maola aŵiri?

Palinso mbali ina ya chiwonetserochi imene inawanyansa bambo aja, ndipo sitingawatsutse. Kwa zaka zambiri, makamaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000, akazi ankaikidwa m'bwalomo kuti amuna aziwapenyerera matupi, kufikira pochititsa mipikisano yovulana zovala. Zimenezo zinachepa owonera ndi akazi eni ake atadandaula. Mu 2016 kampaniyo inasiya kuwatcha akaziwo ndi dzina lachibwana lakuti Divas, ndipo mu 2019, pa chiwonetsero chawo chachikulu cha pachaka chotchedwa WrestleMania, akazi atatu, Becky Lynch, Ronda Rousey ndi Charlotte Flair, ndiwo anatseka tsikulo kwa nthaŵi yoyamba. Kumeneko n'kusintha ndithu, ndipo luso la akazi ameneŵa sitilikana. Komabe malonda ndi malonda. Chimene chimagulitsidwa pamenepo ndi mkwiyo wopeka, kutukwanizana, kubwezera, ndi kumenya mnzako ndi mpando woimbira atayang'ana kumbali. Munthu wamkulu amaseka podziŵa kuti n'zopeka. Mwana wa zaka 9 amaphunzirapo kuti mkangano umatha motero. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono tibwere ku chinthu chachiŵiri chija, chimene ambiri a ife sitinachionepo chifukwa sichikhala ndi nyali zothwanima kapena nyimbo zogonthetsa m'khutu. Ameneŵa ndi maseŵera ogwetsana enieni, amene ali m'gulu la maseŵera akale kwambiri padziko lapansi. Agiriki anawaika m'maseŵera awo a Olimpiki m'chaka cha 708 Kristu asanabadwe. Akazi anachedwa kuloledwa. Mpikisano woyamba wa akazi wa dziko lonse unachitika ku Norway mu 1987, ndipo ku Olimpiki analoŵa mu 2004 ku Athens.

Mmene amachitikira ndi motere. Anthu aŵiri olemera mofanana amakumana pa mphasa yochindikala ndi yofeŵa, m'kati mwa mzere wozungulira wa mamita 9 kuchoka mbali ina kufika mbali ina. Ku Olimpiki ya ku Paris mu 2024 akazi anagaŵidwa m'magulu asanu ndi limodzi, kuyambira makilogalamu 50 kufikira 76, kotero kuti wamng'ono thupi sakumana ndi chimphona. Amalimbana zigawo ziŵiri za mphindi zitatu chilichonse, napuma masekondi 30 pakati. Ukamgwetsa mnzako ndi kumlamulira kuchokera kumbuyo upeza mapointi aŵiri, ukamnyamula ndi kumgwetsa chagada upeza anayi kapena asanu, ukamtulutsa kunja kwa mzere upeza imodzi. Ukagunditsa mapeŵa ake onse aŵiri pamphasa, kapena ukamposa ndi mapointi 10, mpikisano wathera pomwepo. Ndipo tamverani zoletsedwa: kumenya nkhonya, kuponda, kukoka tsitsi, kukanyanga pakhosi, kupotokola mkono kapena mwendo kuti uvulaze. Kunena mwachidule, pafupifupi zonse zimene ana athu amaziombera m'manja pa kanema, pamphasa yeniyeni zimamchotsetsa munthu mumpikisano. Potsiriza aŵiriwo amagwirana chanza, woimbira nakweza mkono wa wopambana, ndipo palibe amene anadziŵiratu kuti ukhala mkono wa yani.

Titawafotokozera amayi aja zimenezi, iwo anaseka nati, "Kodi si zomwe zija ankachita alongo anga kubusa?" Ndi zomwezo ndithu. Aliyense amene anaŵetako ng'ombe ku Mzimba kapena ku Rumphi akukumbukira mmene anyamata ankagwetsirana pamchenga ng'ombe zikudya, popanda chidani, ndipo wogwa ankadzuka n'kusasa fumbi. Tikanena zoona, nawonso atsikana ankayesana mphamvu kudambo popita kukatunga madzi, kungoti akuluakulu sankaziŵerengera.

Nanga mawu a bambo aja, akuti mwana wamkazi sagwetsana? Tiyenera kuwalemekeza, pakuti amachokera m'chikondi ndi m'mantha a kholo. Koma tiwayese pang'ono. Kumwera kwa dziko la Senegal, m'chigawo cha Casamance, atsikana a mtundu wa Diola akhala akugwetsana pabwalo la mudzi monga mwambo wa makolo awo, ndipo kumeneko ndiko kunachokera Isabelle Sambou, amene anakhala katswiri wa Afrika yense kambirimbiri nafika pa nambala 5 ku Olimpiki ya ku London mu 2012. Marwa Amri wa ku Tunisia anapata mendulo yamkuwa ku Rio de Janeiro mu 2016, nakhala mkazi woyamba wa mu Afrika kupata mendulo ya Olimpiki pa maseŵeraŵa. Blessing Oborududu wa ku Nigeria anapata yasiliva ku Tokyo mu 2021. Ku Japan, dziko limene anthu ake amadziŵika ndi ulemu ndi kudzichepetsa, Kaori Icho anapata mendulo yagolide kanayi motsatizana, kuyambira 2004 kufikira 2016. Sitinamvepo kuti akazi ameneŵa analeka kukhala ana a makolo awo.

Kwathu kuno chitsanzo chapafupi tichipeza ku nkhonya, amene ndi maseŵera aukali kuposa kugwetsana. Mu June 2018 Anisha Bashir, mwana wa kuno ku Malaŵi, anapita ku London nagonjetsa Samantha Smith m'chigawo choyamba chenicheni, natenga lamba wa Commonwealth, pamene m'mipikisano yake yoyambirira anali atagonja kangapo motsatizana. Kutsidya ku Zambia, Esther Phiri, amene ankagulitsa ndiwo zamasamba ku Lusaka, anatchuka dziko lonse ndi nkhonya zomwezo, ndipo Catherine Phiri anakatenga lamba wa WBC ku Mexico mu January 2016. Ndipo ife a kumpoto kuno tisaiŵale msanga. Panali nthaŵi imene anthu ankati mpira wamiyendo si wa atsikana, ndipo Tabitha Chawinga wa ku Rumphi wanenapo poyera za manyazi amene anachititsidwa ali wamng'ono ndi anthu okayika ngati analidi mtsikana. Iye yemweyo anadzakhala womwetsa zigoli zambiri mu ligi ya ku Italy ndi ya ku France, ndipo mng'ono wake Temwa anasankhidwa kukhala woseŵera wopambana onse mu ligi ya ku America mu 2024. Amene ankawaseka aja ndiwo anadzayamba kukhamukira pa kanema kuti awaonere. Ife achikulire tikukumbukiranso kuti kuyambira 1973 kufikira 1993 lamulo la dziko lino silinkalola mkazi kuvala buluku. Zina zimene tinkaziyesa chilengedwe zinali chizoloŵezi chabe cha nthaŵi yake.

Pamenepa wina angayese kuti tikuti makolo angotsegula chitseko. Iyayi. Maseŵera enieniwo ali ndi minga yake, ndipo kholo liyenera kuidziŵa lisanavomere.

Munga woyamba ndi sikelo. Popeza amapikisana monga mwa kulemera, ambiri amadzimana chakudya ndi madzi kuti aloŵe m'gulu la opepuka. Ku Paris mu 2024, Vinesh Phogat wa ku India anafika mumpikisano wotsiriza wa makilogalamu 50, mendulo ili pafupi kuloŵa m'manja. Usiku wonse anayesetsa kuchepetsa thupi, koma m'maŵa mwake sikelo inaonetsa kuti wapyola ndi magalamu 100 okha, kulemera kosafika ngakhale theka la kapu ya madzi. Anachotsedwa wopanda mendulo iliyonse, ndipo anakagonekedwa m'chipatala chifukwa cha kutha madzi m'thupi. Ngati zotere zimagwera munthu wamkulu wokhala ndi madokotala omyang'anira, kuli bwanji mtsikana wa zaka 13 amene thupi lake likukula? Mphunzitsi aliyense amene angauze mwana wanu kuti asadye nsima kuti apepuke, mchotseni mwanayo tsiku lomwelo.

Munga wachiŵiri ndi woŵaŵa kuutchula, koma tiutchule. Ameneŵa ndi maseŵera ogwirana thupi, ndipo kaŵirikaŵiri ophunzitsa ndi oyendetsa amakhala amuna amene ali ndi mphamvu yosankha amene apite kumpikisano ndi amene atsale. Mu 2023 akatswiri a ku India, pakati pawo Vinesh Phogat yemweyo ndi Sakshi Malik amene anapata mendulo ku Rio, anakhala pamsewu mu mzinda wa Delhi masabata ambiri, akudandaula kuti mtsogoleri wa bungwe lawo ankachitira atsikana zosayenera. Mtsogoleriyo anakana, ndipo nkhaniyo inapita kukhoti. Chimene ife tikutolapo n'chakuti ngakhale akazi amphamvu zogwetsa munthu aliyense anasoŵa woŵamvera kwa nthaŵi yaitali. Mphamvu za m'mikono sizimteteza mwana kwa munthu amene wagwira tsogolo lake.

Za kavalidwe tingonena pang'ono. Chovala cha pampikisano chimagwira thupi, chifukwa chovala chotaya chimakola zala ndi kuvulaza. Pophunzira tsiku ndi tsiku, malaya wamba ndi buluku la maseŵera zimakwanira. Banja lililonse liyese lokha pamene lingafike, koma tisasokoneze chovala chimenechi ndi zija za pa kanema, zimene zimasokedwa ndi cholinga china.

Chotero kwa amayi aja tinati: musamuuze mwanayo kuti inde, ndipo musamuuze kuti ai, koma mumpatse mafunso akuti ayankhe pamodzi ndi inu. Adzamphunzitsa ndani, ndipo munthuyo anaphunzira kuti? Kodi pamalopo pali mphasa yoyenera, kapena ndi simenti yoyalidwa makatoni? Kodi alipo atsikana ena a msinkhu ndi thupi longa lake oti azilimbana nawo? Kodi pamakhala mayi wamkulu nthaŵi zonse, ndipo kodi kholo lingaloŵe kudzaonerera tsiku lililonse limene lafuna, popanda kupempha? Kodi amayamba ndi kuphunzitsa kugwa, kapena amathamangira kuphunzitsa kugwetsa? Malo amene alephera ngakhale funso limodzi mwa ameneŵa si malo a mwana wanu. Ndipo malo oyenera akapanda kupezeka msanga, mwanayo sataya kanthu podikira, chifukwa maziko a maseŵeraŵa ndi mpweya wautali, miyendo yolimba ndi msana wamphamvu, ndipo zimenezi angazipeze pothamanga ndi poseŵera mpira wamanja kusukulu. Tinawonjezanso kuti mayeso a Sitandade 8 ali pakhomo, ndipo Chingerezi ndi masamu sizidikira munthu.

Kwa inu achinyamata amene mukuŵerenga tsamba lino, tili ndi mawu aŵiri okha. Mukafuna kudziŵa ngati mumakondadi kugwetsana kapena mumangokonda nyali ndi phokoso, funani pa intaneti mpikisano umodzi wa ku Olimpiki, muuonere kuyambira poyamba kufikira pomaliza. Mukaona kuti ukukutopetsani, dziŵani kuti chimene mumakonda ndi seŵero, ndipo seŵero ndi loonera, si lochitira mng'ono wanu pabalaza. Koma mukaona kuti maso anu akutsata mapazi a oseŵerawo, ndipo mukufunsa kuti uyu wamgwetsa bwanji mnzake wosammenya, pamenepo muli ndi nkhani yoti mukakambe ndi makolo anu mwaulemu, mutakhala pansi.

Chotsala chinali bambo aja. Tinawayendera madzulo ena, ndipo titakamba za mitengo ya feteleza ndi za kuzizira kwa chaka chino, tinawapempha kuti aonere nafe pa foni mpikisano wotsiriza wa Blessing Oborududu ku Tokyo, umene anagonja kwa Tamyra Mensah-Stock wa ku America. Anaonera mphindi zisanu ndi imodzi zonsezo osanena kanthu, manja atapinda pachifuŵa. Utatha anafunsa kuti, "Basi? Mipando ija samenyana nayo?" Tinati samenyana nayo. Anakhala chete kanthaŵi, kenaka anati iwo ali mnyamata kwawo ku Euthini panalibe mbusa mnzawo amene ankawagwetsa, ndipo anaimirira kutisonyeza mmene ankakolera mwendo wa mnzawo, mpaka amayi a m'nyumbamo anawakumbutsa za msana wawo.

Sanavomere, ndipo sitinawakakamize. Anati aganizira mayeso akatha, ndi kuti zikadzatheka iwo eni ndiwo adzapite kukaona malowo ndi mphunzitsiyo. Pakali pano lamulo la pakhomopo n'lakuti kanema wa zogwetsana saonedwa popanda munthu wamkulu, ndipo matiresi sachoka pabedi. Mwana wa anansi uja wachira, ndipo wamvulaza uja ndiye ankamnyamulira chikwama popita kusukulu masabata onse amene mkono unali m'nsalu. Loŵeruka lapitali, m'mamaŵa nkhungu isanachoke, tinamuona mtsikanayo akuthamanga kuzungulira bwalo la Katoto pamodzi ndi mlongo wake, bambo awo ataima pambali m'chijasi chawo, akuŵerenga maulendo ndi zala.